Nsinjiro ndi usipa m'malo mwa mafuta ambiri

Amayi anzanga a ku Nkhotakota, mafuta ophikira adula, ndiye yesani izi. Nkhwani ndi chisoso muzitendera ndi nsinjiro pang'ono, osathiranso mafuta. Usipa, utaka kapena chambo muziwotcha, kapena kungophika ndi tomato. Nyama yonona ndi tchipisi cha pachiwaya zikhale za apo ndi apo.

Mafuta a nsomba ndi mtedza ndi abwino m'thupi kuposa a nyama yonona. Chondikhudza kwambiri ndi ichi: mayi akasiya kusamba n'kunenepa mopitirira, mafuta a m'thupi mwake amapanga mahomoni ambiri achikazi otchedwa estrogen, ndipo chiopsezo cha khansa ya m'mawere chimakwera. Mtedza wachuku musasinje, tayani. Mukamva chotupa m'bere, chakudya sichingachichotse, thamangirani kuchipatala.