Lekani kuphwanya kukamwa kwa mfuti ndi hamala

Chiyambireni kukhwima kwa chimanga chaka chino, m'midzi yoyandikana ndi nkhalango ya Nkhotakota ndakumana ndi mfuti za shotigani zingapo zomwe kukamwa kwake kwaphwanyidwa dala. Eni ake akuti anyani ndi nguluwe zachenjera, zikuima patali, ndiye akufuna timipira ta mtovu tizituluka mothithikana kuti tikafike kutali. Mfutiyo amapita nayo kwa wowotcherera zitsulo pamsika, kapena amaigogoda okha pakhonde. Alimi anzanga, zimenezi zikundidetsa nkhawa kwambiri.

Kuning'a kwa kumapeto kwa mpope wa mfuti kumene kumachititsa timipira kutuluka mothithikana, komwe opanga mfuti amati choke, ndi kwakung'ono zedi. Pa shotigani ya saizi yotchedwa 12 bore, m'kati mwa mpope ndi motambalala pafupifupi mamilimita 18.5, ndipo ngakhale choke yothina kwambiri imachepetsapo pafupifupi milimita imodzi yokha. Milimita imodzi! Ndi dzanja la ndani lingayeze zimenezo ndi hamala? Chimene mumapanga ndi chibowo chopindika. Timipira timapatukira mbali imodzi, mwalozako nkusiyana ndi komwe tapita, ndipo kuseri kwa munda kumakhala ana olondera mbalame kapena mayi akukumba chinangwa. Mukautenthanso mpopewo pamoto ndiye mwafewetsa chitsulo chomwe chinakonzedwa kuti chipirire mphamvu ya wonga. Lero chitupa pang'ono, mawa ching'ambika, pomwe dzanja lanu lamanzere lili pompo.

Ndatopa ndi yankho lakuti "agogo athu ankasula okha gogodela." Inde ankasula, nanga zala zinatha zingati m'midzimu? Wonga wa m'zipolopolo za masiku ano ndi waukali kuposa uja. Choipitsitsa ndi chizolowezi chotsegula chipolopolo nkuthiramo zidutswa za misomali kapena timipira ta m'maberingi a njinga. Mtovu ndi wofewa, umalolera podutsa pothina. Chitsulo sichilolera.

Bambo wina wa cha ku Bua anandionetsa mfuti ya malemu bambo awo, kukamwa kwake kutakanganuka ngati khoko la nthochi. Anati, "Alangizi, ndinangogogoda pang'ono kuti izimenya patali." Chala chachikulu chinasokedwa kuchipatala, khutu limodzi silikumvanso bwino, ndipo mpunga wawo anakolola ndi aganyu chifukwa chikwakwa sankachigwira. Anyani aja chimanga anadyabe. Ndinasowa chowauza poona m'mene ankaisisitira mfutiyo, chinthu chokha chomwe bambo awo anawasiyira.

Palinso lamulo. Chiphaso cha kupolisi ndi cha mfuti monga inalembetsedwera, ndiye kuidula kapena kuisintha mwamseri nkudziitanira mlandu. Kuwombera nyama yotetezedwa ndi mlandu winanso waukulu, makamaka chisinthireni lamulo la nyama zakutchire mu 2017.

Tsono ngati mfuti yanu yagogodedwa kale, yatupa kapena ili ndi mng'alu, musaiwombenso ngakhale kamodzi. Chotsani chipolopolo, kafunseni kupolisi komwe munalembetsa kuti akuuzeni mmisiri wovomerezeka. Njovu kapena nyama ina ikatuluka m'nkhalango, dziwitsani alonda a African Parks, omwe akuyang'anira nkhalangoyi kuyambira 2015, kapena a nthambi ya zanyama zakutchire. Za anyani, londerani mosinthana, mangani nsanja, khalani ndi agalu. Amene mfuti zanu zili bwino, muzisuzumira mumpope musanaike chipolopolo, chifukwa mavu amakonda kumatamo dothi nyengo ino.