Kugawa chuma chochepa chamasiye popanda kupita kukhoti

Munthu akamwalira osasiya wilo, atasiya njinga, mbuzi zingapo, katundu wa m'nyumba ndi ndalama zochepa kubanki, banja likhoza kulongosola zonse popanda kulemba loya kapena kukapempha chilolezo kukhoti lalikulu, malinga ngati palibe mkangano.

Yambani ndi kalata ya imfa. Imfa ikachitikira kuchipatala, achipatala ndiwo amapereka umboni. Ikachitikira kumudzi, umboni umayambira kwa a nyakwawa, ndipo chiphaso chake chimatuluka kudzera ku National Registration Bureau, ofesi ya boma ya kalembera wa nzika. Popanda pepala limeneli palibe banki imene ingakumvereni.

Mwambo wa maliro ukatha, khalani pansi mwinimbumba, ankhoswe a mbali zonse ziwiri, wamasiye ndi ana achikulire ali pomwepo, ndipo mulembe m'kope chilichonse chimene malemu anasiya, ngakhale ndalama zotsala mu Airtel Money kapena Mpamba ndi masheya a kubanki mkhonde, zomwe zimaiwalika kawirikawiri. Patsamba lina lembani ngongole, chifukwa zimabwezedwa chuma chisanagawidwe. Thumba la feteleza lomwe linatengedwa pangongole kwa mnansi silifera limodzi ndi mwini wake.

Pogawa, tsatirani lamulo la chuma chamasiye la 2011, lomwe limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wa malemu ndi ana, kenaka ena amene ankadalira malemuyo. Ziwiya za pakhomo, monga bedi, mapoto ndi mipando, zimatsala ndi wamasiye. Apa ndi pamene mabanja ambiri amapunthwa, pakuti amalume kapena achimwene a malemu amaganiza kuti mwambo ukuwapatsa mphamvu yonyamula malata ndi wailesi, chonsecho kulanda chuma chamasiye ndi mlandu wopita nawo kundende.

Ndalama za kubanki musayese kuzitapa ndi khadi la malemu ngakhale nambala yachinsinsi mukuidziwa. Pitani ku ofesi ya bwanamkubwa wa boma lanu, a DC, mutatenga chiphaso cha imfa, ziphaso zanu zaunzika, kalata ya mfumu ndi mayina a ana onse, kuphatikizapo obadwa kunja kwa banja, ndipo ofesiyo idzakuuzani ngati chumacho chili m'gulu la chuma chochepa chomwe ingathandize kugawa. Za penshoni zimayenda padera, potsata mayina amene malemu analembetsa kuntchito.

Mukagwirizana, aliyense asayine kapena adinde chala m'kope lija pamaso pa mfumu. Pakakhala nyumba yapuloti yokhala ndi lizi, kapena wina akakana kusayina, imani kaye osagawa kanthu, nkhaniyo ipite kukhoti kapena kwa Administrator General, mkulu wa boma woyang'anira chuma chamasiye.