Kukwera thanthwe lalitali uli wekha: momwe mungayambire aid climbing kuno ku Harare

Abale anga a ku Mbare ndi ku Highfield akaona zithunzi zanga pa WhatsApp funso limakhala lomwelo, kuti munthu uli wekhawekha pathanthwe chingwe amakugwirira ndani. Palibe, umadzigwirira wekha. Ndiye ndati ndilembe momwe zimayendera makamaka kwa inu amene munayamba kale kukwera ndi anzanu. Za kumanga figure eight kapena kuvala harness sindinenapo, ngati izo simukuzidziwa nkhani ino si yanu panopa.

Mu aid sudalira mphamvu ya zala. Umalowetsa kachitsulo mumng'alu, nut (kongokanirira mmenemo) kapena cam (kamasipuling'i kotambasuka nkugwira mwala), nkukoletsapo kamakwerero kansalu kaja amati aider, nkupondapo, kenako kuyika kachitsulo kena pamwamba, chonchobe mpaka pitch (gawo la thanthwe lokwera ndi utali umodzi wa chingwe) itatha. Ma grade osonyeza kuvuta kwake amayambira A0 kufika A5, akalemba C ndiye kuti simukhoma ndi hamala. Inu yambani ndi C1, pomwe chilichonse mwayika chikhoza kukugwirani mutagwa. Kukwera wekha si zachilendo ayi, Royal Robbins anakwera yekha Muir Wall pa El Capitan ku Yosemite mu 1968, khoma la mamita pafupifupi 900. Ife loto lathu ndi kumudzi, Chambe ku Mulanje, mbali yakumadzulo ija imafika mamita 1,700. Koma poyeserera miyala ya cha ku Domboshava ndi Ngomakurira ikukwanirani, pitch imodzi kapena ziwiri, bola musayandikire mapanga muli zojambula zamakedzana.

Zida ndiye pomwe thumba limalira. Pafunika chingwe cha dynamic (chotambasuka) cha mamita 60 kapena 70 chokwerera, china cha static (chosatambasuka) chokokera katundu, ma aider awiri, ma daisy awiri (malamba olumikiza harness ku kachitsulo), fifi hook (kangowe kodzikolera pafupi ndi kachitsulo), ma jumar awiri (zogwirira pokwera pachingwe), pulley yokhala ndi mano ngati Micro Traxion, GriGri (kachipangizo kogwira chingwe munthu akagwa), helmeti, ma nut seti ziwiri ndi ma cam ochuluka ndithu. Cam imodzi yatsopano imadutsa madola 70, ndiye werengani nokha. Muno mtauni kuzipeza ndi chintchito, ambiri timatumiza wina akamachokera ku Johannesburg. Chenjerani ndi anyamata a pa Facebook ogulitsa ma carabiner (ngowe zachitsulo zokoletsera chingwe) motchipa, ena ndi opachikira makiyi chabe, yeniyeni imakhala ndi chizindikiro cha CE kapena UIAA chotsimikiza kuti inayesedwa komanso nambala ya kN, yosonyeza mphamvu yomwe ingapirire, yodindidwa pachitsulopo. Chingwe cha kaunjika musagule ngakhale chioneke chatsopano, simudziwa chinagona pafupi ndi batire la galimoto kapena ayi, asidi amadya nayiloni osaonekera. Posungira ndalama ndi pa haul bag, chikwama chokokeramo katundu, poyeserera chikwama cholimba cha kanivasi chikwana.

Mukafika patsinde mangani anchor, zitsulo zingapo zolumikizidwa pamodzi zomangapo chingwe. Apa kusiyana ndi kukwera awiri nkwakuti anchor wanu ndiye belayer, wokugwirirani chingwe uja, ndipo mukagwa adzakokedwa chokwera osati chotsika. Choncho zitsulo zitatu zolimba ziyang'ane mokana kukokedwa m'mwamba, ena amamangiriraponso haul bag kuti kulemera kwake kufewetse kugwako. Nsonga imodzi ya chingwe ipite pa anchor, kuchoka apo chidutse mu GriGri wanu, chotsalacho chikhale mchikwama kapena chilendewere. GriGri sanaipangire ntchito iyi, ndiye mangani mfundo ya backup pa carabiner yokhoma pa harness, ndipo muziisuntha mukamakwera, musamasule yakale musanamange ina. Akuluakulu ena amangogwiritsa mfundo ya clove hitch pa ma carabiner awiri, imachedwetsa koma siyitaya munthu.

Kachitsulo kalikonse kayeseni musanakakhulupirire. Koletsani daisy pa katsopanoko, tsikirani pang'ono mu aider yakale, dumphanidumphani ndi thupi lonse nkhope mutayang'ana pansi, chifukwa kakazuka kamabwera molunjika mano. Kakagwira kwerani mpaka sitepe yachiwiri kuchokera pamwamba, kenako mukolowetse chingwe mu kachitsulo mwachokako.

Tsopano apa mvetserani bwino chifukwa ndi pomwe ine panandionetsa zakuda. Mukakwera mamita 20 kapena 30, chingwe chimene chili pakati pa inu ndi anchor chimayamba kulemera, ndipo kulemerako kumakoka chingwe china kudutsa mu GriGri mwakachetechete, inu osamva kanthu. Chimakaunjikana pansi. Tsiku limenelo maso anali pa mng'alu, ka nut kakang'ono kanazuka, mmalo mogwa mita imodzi ndinapita ulendo mpaka bondo kumenya kashelefu kamwala, poyang'ana pansi ndikuona chingwe chapindikana pa anchor ngati njoka yowothera dzuwa. Mankhwala ake ndi osavuta. Pakapita mamita 10 kapena 15, pa kachitsulo kamene mukukadalira, kokani chingwe chonse cholendewera chikhale chowongoka, ndiye muchigwirize pa carabiner ndi labala kapena ka prusik (kachingwe kokulunga pachingwe chachikulu) katali kopyapyala. Malabala odula ku chubu chakale cha njinga amagwira bwino ndipo ndi aulere. Ntchito yake ndi kunyamula kulemera kwa chingwe basi, mukagwa labalayo amaduka kapena kutsetsereka, chingwe chonse nkutambasuka kukugwirani mofewa. Ena amamanga clove hitch pomwepo, zimatheka, koma dziwani kuti mwafupikitsa chingwe chotambasuka ndiye kugwa kwake kumakhala kowawa, ndipo kachitsuloko kayenera kupirira kukokedwa chokwera. Komanso muzizolowera kugwira chingwe cha mmunsi mwa GriGri nthawi iliyonse mwayika chitsulo, dzanja limadziwa msanga ngati chalefuka.

Mukafika pamwamba pa pitch mangani anchor wina, mangirirani chingwe chokwerera, tsikani pa static ija mutamanga mfundo kunsonga. Pansi masulani anchor woyamba, tulutsani haul bag pang'onopang'ono isamenye mwala, kenako kwerani ndi ma jumar mukuchotsa zitsulo. Pitch iliyonse mumaidutsa katatu, ndiye musadabwe dzuwa likamalowa muli pa pitch yachiwiri.

Kukoka katundu gwiritsani thupi osati mikono, jumar pa harness nkukhala pansi. Madzi werengerani malita 3 mpaka 4 patsiku, lita imodzi ndi kilo imodzi, ndipo mu October mwala umatentha moti amenewo sakwana, bola June kapena July. Mabotolo a malita awiri a zakumwa aja ndi abwino, mangani kachingwe pakhosi. Portaledge, bedi lolendewera pathanthwe, isiyeni kaye, ndi yodula ndipo kuno mulibe poigonera kwenikweni. Za kuchimbudzi tengani mapepala apulasitiki ndi chigubu chotseka, mutsike nazo. Uzani munthu kunyumba thanthwe lomwe mwapita ndi nthawi yoti ayambe kukufunani foni ikapanda kulira.