Musanagule makina a espresso ganizirani kaye za pulanja ndi moka

Mwalawa ka espresso penapake mtauni kenako mtima wayamba kuvuta kuti ndigule makina anga apakhomo eti? Dikirani kaye, ine ndinapupuluma chonchi ndipo pano makinawo angokhala pamwamba pa kabati fumbi lokhalokha.

Espresso ndi ntchito abale. Makina amakankha madzi otentha ndi mphamvu ya 9 bar (bar ndi muyezo wa mphamvu yokankhira) kudutsa mu khofi wogayidwa mosalala, ndiye inu muyeze magalamu 18 pa sikelo, mutsendere mu kachitsulo koikamo khofi mosapendekeka, kenako mu kapu mugwe magalamu 36 pa masekondi 25 mpaka 30. Akathamanga amawawasa ngati bwemba, akachedwa amawawa ngati kwinini, ndiye mumasintha chigayo pang'ono, kuyesanso, kutaya, kuyesanso, mungozindikira paketi yafika pakati musanamwe kapu yanzeru. Chigayocho chimafunika cha burr, chopera khofi pakati pa timagudumu tiwiri ta mano, osati chamipeni chija, ndipo chabwino mtengo wake umatha kufanana ndi makinawo. Pamwamba pake kudikira kuti atenthe, kutsuka tsiku ndi tsiku, kuchotsa zoyera zija zimamatanso mu ketulo. Magetsi akathima mmawa basi yatha nkhani.

Pulanja, ena amati French press, jagi yokhala ndi sefa yokanikizira pansi, ilibe zonsezi. Khofi akhale wa mibulu ngati shuga wa bulawuni, magalamu 60 pa lita imodzi, kapena masupuni akulu atatu pa kapu yaikulu ngati mulibe sikelo. Madzi akawira aphuleni, adikire theka la mphindi, thirani, takasani kamodzi, vundikirani mphindi 4 ndiye mukanikize pang'onopang'ono. Chachikulu musamusiye mmenemo, tsanulirani yense mu flasiki apo bii apitiriza kuwawa.

Koma ngati chimene mukufuna ndi ukali uja, gulani moka, kapoto ka ku Italy komwe Alfonso Bialetti anatulutsa mu 1933. Si espresso weniweni ayi, mphamvu yake ndi yochepa kwambiri, koma mukathira mkaka wotentha ndani angakufunseni? Madzi otentha kale mmunsi osapitirira kavalavu kapambali kaja, khofi adzaze kasefa koma osatsendera, mangani bwino mutagwira ndi kansalu, moto wochepa. Pa mbaula zimathekanso bola makala atakhala kuti azilala ndipo chogwirira chili kutali ndi moto, changa chinasungunuka ndikuona. Mukangomva kakuyamba kufwenthera chotsani pompo.

Makina a espresso ndi a munthu amene kuyeza ndi kusinthasinthako kumamusangalatsa, komanso amamwa makapu awiri atatu tsiku lililonse. Enafe ndalama imeneyo bola igule kachigayo kopukusa pamanja ndi khofi wosagaya wa konkuno, wa Mzuzu Coffee kapena wa ku Thyolo, mumagaya wokwana kapu ya mmawa umenewo wotsalayo nkutsekera mu botolo.