Kukonzekeretsa mwana Sitandade 1 pogwiritsa ntchito wailesi ya kanema ya boma

Mwana wa zaka 4 akakhala pamkeka maso ali pa TV, kenako n'kuyamba kuyimba "wani, thuu, fili, folo", makolo ambiri mtima umakhala m'malo kuti mwana akuphunzira. Muyeseni kaye. Ikani pansi zitsekerero za mabotolo 7, mumuuze kuti akupatseni zinayi. Ana ambiri amangotapa zodzaza dzanja. Nyimbo ya manambala waigwira, koma sanazindikire kuti "zinayi" ndi kuchuluka kwa zinthu. Kanema amatha kuyambitsa phunziro, koma wolimaliza ndi munthu wamkulu amene wakhala pambali pa mwanayo. Malangizowa ndi a makolo, agogo ndi alezi a ana a zaka 3 mpaka 5.

Bwanji tikunena za wailesi ya boma?

MBC idayamba ngati wailesi ya mawu okha mu 1964. Kanema wa boma adabwera mu 1999 pa dzina la Television Malawi, ndipo pambuyo pake adaphatikizidwa ndi MBC. Wailesiyi imathandizidwa ndi misonkho yathu, choncho mwana wa ku Mtandire kapena ku Kauma ali nayo gawo chimodzimodzi ndi wa ku Area 43. Imayankhulanso Chichewa, ndipo imaonetsa msika, munda ndi minibasi zimene mwana amazidziwa. Mwana wamng'ono amagwira msanga chinthu chatsopano chikabwera m'chiyankhulo chimene amayankhula kunyumba.

Maiko ena adaona izi kalekale. Ku America pulogalamu ya Sesame Street idayamba mu 1969 pa kanema wothandizidwa ndi boma, cholinga chili choti ana a m'mabanja osauka asayambe sukulu ali m'mbuyo. Ku South Africa adapanga yawo, Takalani Sesame, imene idayamba mu 2000 pa SABC, wailesi ya boma ya kumeneko. Kwathu kuno chitsanzo chodziwika ndi Tikwere ya pa wailesi ya mawu, imene idathandizanso sukulu zitatsekedwa mu Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19. Kapangidwe ka Tikwere nkofunika kukakumbukira: mphunzitsi wa pa wailesi amafunsa funso, amasiya mpata kuti ana ayankhe, ndipo pamakhala mphunzitsi weniweni wotsogolera anawo. Njira yomweyi ndi imene muyenera kuitengera pabalaza panu.

Zimene mphunzitsi wa Sitandade 1 amayembekezera

Mwana amayamba Sitandade 1 ali ndi zaka 6, ndipo chaka cha sukulu chimayamba mu Seputembala. M'sukulu zambiri za boma mu Lilongwe muno ana amathithikana m'kalasi, moti mphunzitsi sangafike pa mwana aliyense. Wopindula ndi mwana amene amatha kumvera malangizo awiri motsatizana ("tenga buku, ukhale pansi"), kutchula dzina lake ndi la kholo lake, kudikira nthawi yake, kupita yekha kuchimbudzi, kugwira pensulo ndi kumvetsera nkhani kwa mphindi 10 osadzuka. Kulemba dzina mokongola sikofunika kwenikweni pa msinkhu umenewu.

Pali chinthu china chimene makolo ambiri sachidziwa. Kuyambira mu 2016, pansi pa National Reading Programme, ana amaphunzira kuwerenga Chichewa poyambira pa maliwu, kenako maphatikizo, kenako mawu. Makatuni a Chingerezi amaphunzitsa maina a malembo: "ei, bii, sii". Vuto lake ndi lakuti lembo la e m'Chingerezi limatchedwa "ii", pomwe m'Chichewa "ii" ndi liwu la i. Lembo la a amalitcha "ei". Mwana woloweza nyimbo ya Chingerezi yokha amasokonezeka akakumana ndi a, e, i, o, u wa m'kalasi. Musamuletse nyimboyo, koma nthawi iliyonse lembo likaoneka pa TV mutchulireni liwu lake la Chichewa: "Ili ndi mmm, monga mu madzi, moto, mutu."

Nthawi yoonera

Malangizo a World Health Organization a mu 2019 amati mwana wosakwana zaka 2 asamaonere kanema, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku. Kuchepa ndiye kwabwino. Ola limeneli likuphatikizapo foni ya mayi. Malangizo omwewo amati mwana wa zaka 3 kapena 4 agone maola 10 mpaka 13 ndi kusewera moyendetsa thupi kwa mphindi 180 patsiku, ndipo mphindi zosachepera 60 mwa izo zikhale zothamangathamanga. Kanema asadye nthawi ya phada, chipako ndi masanje.

Pophunzitsira, pulogalamu imodzi ya mphindi 20 mpaka 30 yakwana. Zimitsani TV ola limodzi mwana asanagone, chifukwa kuwala ndi phokoso zimachedwetsa tulo, ndipo mwana wosagona bwino amawodzera ku mkombaphala.

Kusankha pulogalamu

Ndandanda ya mapulogalamu imasintha, choncho tengani sabata imodzi mukulemba pakalendala masiku ndi maola amene MBC ikuonetsa za ana, kaya mukuonera pa dikoda ya Kiliyekiliye kapena ina. Yang'anani makamaka Loweruka ndi Lamulungu, komanso masana ana ataweruka. Kenako onerani pulogalamuyo kawiri musanaivomereze.

Si pulogalamu iliyonse ya ana imene ili ya mwana wa zaka 4. Mafunso ampikisano a ana a Sitandade 7 sangamuthandize. Yabwino mumaidziwa chonchi: wotsogolera amayang'ana mwana, amafunsa funso n'kukhala chete pang'ono, pamakhala phunziro limodzi, monga nambala 3 kapena kusamba m'manja, lobwerezedwa m'njira zingapo, zithunzi sizithamanga moti inu nomwe mukulephera kutsatira, ndipo palibe kumenyana kapena kunyozana koseketsa. Ana amatengera zimene aona kuposa zimene auzidwa kumapeto kwa nkhani. Katuni yodzaza ndewu n'kuthera pa kukhululukirana imasiya ndewuyo m'mutu mwa mwana.

Yeso lomaliza mupange m'mawa wake. Mufunseni kuti, "Dzulo paja kalulu anatani?" Ngati kawiri katatu sakukumbuka kalikonse, pulogalamuyo yamukulira.

Gawo likabwerezedwa musasinthe tchanelo. Inu latopetsa, koma mwana amamvetsa bwino pakuonera kwachiwiri ndi kwachitatu.

Mmene mungachitire pa tsikulo

Yambani ndi malo. Mwana akhale pamtunda wa mamita pafupifupi 2, sikirini ikhale molingana ndi maso ake, m'chipinda mukhale kuwala. TV ikhale pamalo olimba kapena yomangiriridwa kukhoma, chifukwa ana amakwera mashelefu ndipo imatha kuwagwera. Nthambo zamagetsi zikhale kuseri. Nsima idyedwe TV ili chizimire.

Mphindi 2 pulogalamu isanayambe, muuzeni mwana pangano lake: "Tionera iyi yokha, ikatha tizimitsa n'kupita panja." Mupatsenso ntchito yoti agwire, monga kuwomba m'manja akaona chinthu chofiira.

Pulogalamu ili mkati, khalani naye pamkeka ndipo foni muiike patali. Wotsogolera akafunsa funso musathamangire kuyankha. Werengani chamumtima mpaka 5, mwana ayese yekha. Akalakwa musamukalipire, nenani yankho lolondola mwachibadwa, "Ee, tiwerenge limodzi: chimodzi, ziwiri, zitatu." Lumikizani zimene akuona ndi za pakhomo: "Mtondo uwo ukufanana ndi wa agogo ku Mitundu, eti?" Mafunso atatu kapena anayi pa pulogalamu yonse akwana. Mukachulutsa, mwana amataya nkhani.

Gawo lofunika koposa ndi mphindi 10 mpaka 15 TV itazima. Sungani m'kachitini zipangizo izi: zitsekerero za mabotolo 20, khala limodzi kapena choko, katoni yakale, ndi dongo pang'ono lokulungidwa m'pepala la pulasitiki kuti lisaume. Nyemba ndi chimanga musagwiritse ntchito powerengera ngati pali mwana wosakwana zaka 3, chifukwa amazilowetsa m'mphuno ndi m'makutu kapena kutsamwa nazo.

Ngati phunziro linali la nambala, mwana ayale zitsekerero pamzere, azikhudza chimodzichimodzi potchula nambala. Akamaliza mufunseni, "Ndiye zonse zilipo zingati?" Akayambanso kuwerenga m'malo moyankha, sanadziwe kuti nambala yomaliza ndiyo kuchuluka kwake. Bwererani pa zinthu 3 mpaka agwire, kenako 5, kenako 10. Kuthamangira 20 kulibe phindu.

Ngati linali la malembo, tengani liwu limodzi lokha. Fufuzani m'nyumba zinthu zoyamba ndi liwulo, kenako mulembe lembolo pamchenga lalikulu ngati dzanja lanu, mwana alondole ndi chala, pomaliza aliumbe ndi dongo. Wombaninso m'manja maphatikizo: ma-dzi kawiri, chi-ma-nga katatu, ga-li-mo-to kanayi. Masewera amenewa amanola khutu la mwana kuti lidzamve maphatikizo m'kalasi, ndipo kuumba kumalimbitsa zala zogwirira pensulo.

Ngati inali nthano, mwana aifotokozenso yekha. Iye ayambe "Padangokhala", inu muvomere "Tilitonse". Akasokoneza ndondomeko mufunseni kuti chinayamba nchiyani, chinatsatira nchiyani.

Makolo ambiri mumzinda muno amalawirira ku geni kapena kuntchito n'kubwera kutada. Ntchitoyi atha kuigwira agogo, azakhali, wothandiza pakhomo kapena mkulu wake wa Sitandade 5 kupita m'mwamba, bola mumuonetse kamodzi mmene zichitikire. Agogo osadziwa kuwerenga asadzione operewera: kufunsa mafunso, kuwerengetsa miyala ndi kuponya ndagi sikulira sukulu.

Zimene zimalakwika kawirikawiri

Cholakwika chachikulu ndi TV yongoyaka tsiku lonse popanda woonera. Ikamalira, akuluakulu amayankhula ndi mwana mochepa, ndipo mwanayo amadukizadukiza masewera ake pocheukira sikirini. Ngati palibe akuonera, zimitsani. Mayunitsi a magetsi nawo apulumuka.

Mwana akalira pozimitsa, musayatsenso. Mukayatsa kamodzi waphunzira kuti kulira kumatsegula TV. Muchenjezeni kutatsala mphindi zochepa, mumulole adine yekha batani lozimitsira, ndipo chitini cha zitsekerero chikhale kale m'manja mwanu. Mukagwiritsa pangano masiku angapo motsatizana, kulirako kumachepa.

Rimoti imabweretsa mikangano, makamaka tsiku la mpira. Bambo ndi mayi agwirizane kuti theka la ola limeneli ndi la mwana. Nkhani zoonetsa ngozi ndi mitembo, komanso mafilimu a ufiti ndi mfuti, zidikire mwana akagone. Samalaninso nyumba zoonetsera mavidiyo za m'makwalala a Chinsapo, Kawale ndi madera ena: ana aang'ono amalowa m'menemo atatsatira akulu awo, ndipo zoonetsedwamo si za msinkhu wawo.

Magetsi akazima pa nthawi ya pulogalamu, musathetse chizolowezi. Khalani pamkeka womwewo, mubwereze nyimbo ndi masewera a ulendo wapita, kapena mutsegule buku la zithunzi. Mabuku a ana amapezeka ku National Library ku City Centre.

Kanema amathanso kuulula vuto la thanzi. Mwana amene nthawi zonse amasendera pafupi ndi sikirini, kutsinzina pang'ono kapena kupendeketsa mutu, mwina saona bwino. Amene amafuna mawu okwera kuposa anzake, kapena sacheuka mukamuitana kumbuyo, mwina samva bwino, makamaka ngati khutu lidatulukapo mafinya. Pitani naye kuchipatala chapafupi Seputembala asanafike. Akaona kuti nkofunika akutumizani ku chipatala chachikulu cha Kamuzu Central. Ana otere akalowa m'kalasi lodzaza amangotchedwa ogona m'mutu, pomwe vuto lili m'maso kapena m'khutu.

Ku mkombaphala

Alezi amene ali ndi TV aigwiritse ntchito kamodzi kapena kawiri pasabata, kwa mphindi zosaposa 20, ana ali m'magulu a 10 mpaka 15 kuti aliyense aone ndi kuyankha. Gulu lina likhale panja likusewera ndi mlezi wina. Mlezi aime pambali pa sikirini, azikodola ana kuti ayankhe mokweza, ndipo zipangizo za ntchito yotsatira zikhale zoyalidwa kale. Makolo amene mumalipira fizi ku sukulu za mkaka zomwe si za boma, funsani kuti TV imayaka maola angati patsiku. Kuyatsira ana makatuni m'mawa wonse ndi kuwagoneka maso ali chipenyere, ndipo si zimene mukulipirira.

Uzani a MBC zimene mukufuna

Popeza wailesiyi ndi ya tonse, komiti ya makolo ya pa mkombaphala ili ndi ufulu wolembera a MBC, ndipo kalata ya gulu imamveka kuposa dandaulo la munthu mmodzi pa Facebook. Pemphani zinthu zogwirika: ola lokhazikika la ana a zaka 3 mpaka 5 limene silisunthidwa chifukwa cha misonkhano, mapulogalamu a m'Chichewa, Chitumbuka, Chiyao ndi ziyankhulo zina, ophunzitsa maliwu mofanana ndi mabuku a Sitandade 1, kubwereza gawo lililonse tsiku lina pofuna kuthandiza amene magetsi adawazimira, womasulira chiyankhulo cha manja pakona ya sikirini, ndi kuchotsa malonda a maswiti ndi zakumwa zotsekemera mkati mwa ola la ana. M'kalatamo tchulani dera lanu, chiwerengero cha ana a pasukulu yanu, ndi ola limene ambiri mwa iwo amakhala ali pakhomo ndi munthu wamkulu.