Seputembala ku Joni: musathamangire kusunga mabulangete

Abale okhala ku Johannesburg, Seputembala amapusitsa. Masana kumatentha koma m'mawa kumazizirabe, choncho ana azivala juzi popita kusukulu. Mabulangete chapani pano, mvula ya Okutobala isanayambe. Mukayanika 9 koloko m'mawa, madzulo amakhala atauma. Limodzi lisiyeni pabedi.

Ofuna ndiwo kuseri kwa nyumba, fesani mpiru ndi bonongwe m'zidebe za malita 20, mutaboola mabowo asanu pansi, apo ayi madzi amadikha ndipo mizu imawola. Maungu a nkhwani ndi nyemba dikirani mpaka pakati pa mwezi, chifukwa chisanu chimatha kubwereranso n'kupsereza mbande zonse usiku umodzi. Thirirani 6 koloko madzulo ikadutsa, poti kuyambira pa 1 Seputembala malamulo a mzinda salola kuthirira masana.