Kuyesa mapulogalamu a kompyuta: khomo limene Mmalawi wa kunja angalowere

Ambirife ku Britain, ku Ireland kapena ku Joni timadyera thukuta lenileni: kusamalira okalamba usiku wonse, kunyamula makatoni, kuphikira anthu m'malesitilanti. Abale ambiri amandifunsa mmene angalowere ntchito za kompyuta popanda kubwerera ku yunivesite. Ine ndimawauza kuti ayambe ndi kuyesa mapulogalamu, ntchito imene pa zotsatsa amailemba kuti software tester kapena QA analyst. Poyamba sipafunika ukatswiri wolemba code, malangizo amene kompyuta imatsata. Pamafunika diso loona msanga pamene chinthu chapotoka, ndi luso lofotokoza bwino zimene mwaonazo.

Ntchitoyi musaichepetse. Ku Britain, pulogalamu ya Horizon imene Fujitsu inapangira Post Office inkaonetsa kuti ndalama zasowa pamene palibe chinasowa, ndipo pakati pa 1999 ndi 2015 anthu oposa 900 oyang'anira mapositi anaimbidwa milandu, ena mpaka kumangidwa. Pa 19 Julaye 2024, kachidutswa kamodzi ka pulogalamu kolakwika kochokera ku CrowdStrike, kampani yoteteza makompyuta, kanagwetsa makompyuta a Windows pafupifupi 8.5 miliyoni, ndege n'kulephera kunyamuka. Kumbuyo kwa cholakwika cha pulogalamu kumakhala munthu amene chikumupweteka.

Pophunzira, tengani chinthu chimene mumachidziwa kale: app yotumizira ndalama kumudzi. Tiyerekeze kuti imalola kutumiza kuyambira £10 mpaka £1,000. Simungayese nambala zonse, ndiye mumazigawa m'magulu atatu, zochepera, zovomerezeka ndi zopitirira, n'kutenga imodzi pagulu lililonse, monga £4, £250 ndi £3,000. Njira imeneyi amaitcha equivalence partitioning. Kenako pitani m'malire, chifukwa zolakwika zimakonda kubisala pamenepo: £9.99, £10, £1,000 ndi £1,000.01. Wolemba code akalemba "zochepera 1,000" m'malo mwa "mpaka 1,000", munthu wofuna kutumiza £1,000 yeniyeni ya fizi adzakanidwa, ndipo wozindikira vutolo ndi amene anayesa pamalire. Iyi ndiye boundary value analysis, ndipo pa intavyu adzakufunsani.

Apa ndipamene ife tili ndi mwayi umene anzathu a kuno alibe. Mayina athu okha ndi zida zoyesera. Lembani dzina lokhala ndi kachizindikiro ka mu "ng'", monga Ng'oma, muone ngati fomu ilandira. Mafomu ena amakana, ena amagwa, ndipo kugwako nthawi zina kumaulula kuti database, nkhokwe yosungiramo zambiri za makasitomala, ili pangozi yolowedwa ndi akuba. Lembani Malaŵi ndi ŵ wake, muone ngati pa lisiti sipatuluka zilembo zachilendo. Nambala ya foni ilembeni monga timailembera kwathu, kuyamba ndi 0, kenako ndi +265, kenako ndi zonse ziwiri pamodzi, monga amachitira ambiri akamalembera mbale wakunja. Sankhani Airtel Money koma muike nambala ya TNM, muone ngati app ikuchenjezani kapena ingomeza ndalamazo.

Nthawi nayo ndi msampha. Johannesburg ndi Lilongwe wotchi yake ndi imodzi, koma London imasintha wotchi Lamlungu lomaliza la Marichi ndi la Okutobala, kotero kusiyana kwake ndi kwathu kumakhala ola limodzi m'chilimwe chawo, maola awiri m'nyengo yachisanu. Ndalama yotumizidwa usiku womwe wotchi ikusintha idzalembedwa nthawi yanji pa lisiti? Nanga mtengo wa kwacha ukasintha munthu ataona kale chiwerengero koma asanatsimikize? Amene tinaona kwacha ikugwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 tikudziwa kuti funsoli si lamasewera. Nanga netiweki ikaduka munthu n'kudina batani kawiri? Mafunso otere, ofunsidwa mukuyendayenda mu app popanda ndandanda yokonzeratu, ndiwo exploratory testing, ndipo kwa ine ndi pamene woyesa wabwino amadziwika.

Kupeza bug, kutanthauza cholakwika cha mu pulogalamu, ndi theka chabe la ntchito. Lipoti longoti "app sikugwira" silithandiza aliyense. Lembani mutu waufupi wonena pamene palakwika, masitepe onse mwatsatanetsatane kuti wina akawatsata aone zomwezo, zimene mumayembekezera, zimene zachitika, mtundu wa foni ndi version ya app, ndiponso chithunzi. Lembani modekha, osaloza munthu chala. Wolemba code ndi mnzanu wa pantchito. Akakonza, yesaninso pamalopo, komanso mbali zina zimene zinkagwira bwino, pakuti kusoka pong'ambika kumatha kukoka ulusi kwina. Kubwereza kumeneku ndi regression testing, ndipo ndiko makampani amakonda kupatsa makina kuti azichita okha.

Chenjezo ndili nalo limodzi, ndipo ndi lalikulu, makamaka kwa ife amene tikukhalira chitupa. Musayese kuthyola kapena kulowa mobisa pa makina a kampani imene sinakupatseni chilolezo. Ku Britain lamulo la Computer Misuse Act la 1990 limalanga zimenezi, ku South Africa kuli Cybercrimes Act ya 2020. Zoyesa zoopsa muzichitira pa masamba a pa intaneti opangidwira ophunzira, kapena lembetsani ku uTest, kumene makampani amapempha okha anthu kuti awayesere mapulogalamu n'kumalipira pa bug imene aivomereza. Ndalama zake si zoti n'kusiyira ntchito, koma mumapeza zolemba pa CV.

Za pepala la maphunziro: limene olemba ntchito ambiri amalidziwa ndi ISTQB Foundation Level, satifiketi yoyambira ya oyesa mapulogalamu. Silabasi yake ndi yaulere pa intaneti. Mayeso ali ndi mafunso 40 osankha yankho, pa mphindi 60, ndipo mumakhoza ndi 26. Ngati Chingerezi si chiyankhulo chanu chobadwa nacho, mungapemphe nthawi yowonjezera kufika mphindi 75. Pemphani polembetsa, musachite manyazi. Ku Britain mungalembe kudzera ku bungwe la BCS, ku South Africa kuli bungwe la SASTQB. Musathamangire kulipira makosi odula musanawerenge silabasiyo panokha.

Mukatero phunzirani Jira yolembera ma bug, Postman yoyesera API (njira imene mapulogalamu amalankhulirana), ndi SQL (chiyankhulo chofunsira database) pang'ono. Playwright kapena Selenium, zida zochititsa makina kuyesa okha, zibwere pambuyo, mukazolowera kuyesa ndi manja. Ndipo musanayambe kufunsira ntchito, kapena kulandira kandalama ka pambali, werengani zimene chitupa chanu chimalola: ku Britain, wokhala pa viza yomangidwa kwa bwana mmodzi amafunika sponsor watsopano, bwana womuimira pa viza, ndi kusintha viza asanasamukire ku ntchito ina.